Digiri, luso lamanja kapena ekisipiriyensi: chomwe chimakulowetsani ntchito kunja ndi chiti?

Funso loti kodi digiri ndiyofunika ukafuna kukagwira ntchito kunja anthu amaliyankha mothamanga kwambiri. Uyu akuuzani kuti opanda digiri musadzivute n'komwe, winayu akuuzani za m'bale wake yemwe sanapondeko ku yunivesite koma pano akulandira bwinobwino ndipo anatenganso banja lake. Onse awiri sakunama ayi, kungoti aliyense akukamba za geti lake. Ndiye musanalipire fizi ya zaka zinayi kapena kupereka ndalama kwa ejenti, tiyeni tiziike njira zisanu zopitira kunja pambalipambali.

## Mageti ake ndi atatu

Loyamba ndi la boma, omwe amapereka viza. Awa sakudziwani, sanakuonenipo mukugwira ntchito, amangoona mapepala ndi mapointi basi. Lachiwiri ndi la bungwe loyang'anira ntchito yanuyo, kaya la manesi, la madokotala, la mainjiniya, la aphunzitsi kapena la amagetsi. Ntchito zina zilibe geti limeneli, koma pomwe lilipo ndiye lovuta kuposa enawo. Lachitatu ndi la abwana olemba ntchito, ndipo awa nthawi zambiri chomwe akufuna kudziwa n'choti ntchitoyo mumaitha kapena ayi.

Digiri imakhala ndi mphamvu kwambiri pa geti loyamba. Pa lachiwiri imagwira ntchito pokhapokha eni akewo ataivomereza. Pa lachitatu mwina saiyang'ana n'komwe. Ndipo maiko amasiyana zedi: viza ya H-1B ya ku America imafuna digiri kapena chofanana nayo, pomwe amawerengera zaka zitatu za ntchito ngati chaka chimodzi cha ku yunivesite. Ku UK, viza ya Skilled Worker imayang'ana mlingo wa ntchito yomwe akukulembaniyo osati pepala lanu, koma kuyambira pa 22 Julayi 2025 anakweza mlingowo kuti ntchito zambiri zikhale za anthu a digiri, ndipo malipiro oyambira anawaika pa mapaundi 41,700 pachaka.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake (ndalama ndi zaka zomwe), kupezeka kwa mwayi, zofunika kusamalira kuti mapepala asathe ntchito, ndi zoopsa zake. Koma pali zinthu ziwiri zomwe zimalowerera paliponse ndipo anthu amazinyozera, zaka zakubadwa ndi chiyankhulo. Pa Express Entry, njira ya ku Canada yosankhira anthu okakhazikika kumeneko poyang'ana mapointi, munthu wofunsira yekha wa zaka 20 mpaka 29 amapeza mapointi 110 chifukwa cha msinkhu wokha, akafika zaka 45 sapezanso kanthu. Australia nayo viza zake za mapointi zimafuna munthu wosakwana zaka 45. Chiyankhulo ku Canada chimatha kukupatsani mapointi mpaka 136, kuposa digiri yoyamba yomwe imapereka 120. Muzikumbukire nambala zimenezi, tizibwereranso.

## 1. Digiri yochitira kwanu

Mtengo. Ngati mulibe, ndi zaka zitatu kapena zinayi, zina mpaka zisanu ndi kuposa, kuphatikiza fizi ndi malipiro omwe mukanamalandira nthawi yonseyo. Ngati muli nayo kale musaganize kuti mwamaliza kulipira, chifukwa dziko lililonse limafuna kuiyeza lokha. Canada imafuna lipoti loyeza maphunziro anu lotchedwa ECA lochokera ku mabungwe ngati WES, UK ili ndi UK ENIC, Germany ili ndi mndandanda wa anabin komanso ofesi ya ZAB, South Africa ili ndi SAQA. Kupatula kuyang'ana pa mndandanda wa anabin, onsewa ndi olipira, ndipo ambiri amafuna kuti yunivesite yanu itumize yokha zotsatira zanu mosadutsira m'manja mwanu, apa mpomwe miyezi imathera munthu ukuyendera ofesi imodzimodzi. Onjezanipo kumasulira mapepala, kudinditsa, ndi mayeso a Chingerezi omwe anthu ambiri salemba kamodzi kokha.

Kupezeka. Kunena zoona, palibe pepala lomwe limatsegula maiko ambiri kuposa ili. EU Blue Card (chilolezo cha ntchito cha akatswiri m'maiko a mu EU), H-1B, mapointi a Canada, a Australia komwe digiri yoyamba imapereka 15 pomwe dipuloma kapena satifiketi ya luso imapereka 10 pa 65 omwe amafunika kuti mungolowa nawo mumpikisano. Koma si digiri iliyonse imayenda mofanana. Ya unesi, ya udokotala, ya uinjiniya, ya makompyuta, yophunzitsa masamu ndi sayansi, izi maiko ambiri akuzisowa. Ya zamalamulo imamangika ku malamulo a dziko lomwe munaphunzira. Zina monga za bizinesi kapena za chitukuko zimakupatsani mapointi a viza koma mukafika mukapikisana ndi eni dziko omwe ali ndi digiri yomweyo, chiyankhulo ndi chawo, ndipo abwana amawadziwa masukulu awo.

Kwa azaumoyo, digiri ndi chiyambi chabe. Nesi wofuna ku UK amayenera kulembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira manesi kumeneko, alembe mayeso a pakompyuta a CBT, akhoze mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET pamlingo wokwera, kenako akachite OSCE komweko komwe amamuona akugwira ntchito ndi manja. Dokotala amadutsa ku GMC, bungwe la madokotala ku UK, ambiri polemba mayeso a PLAB, ndipo ku America ndi mayeso a USMLE kenako nthawi zambiri kuyambiranso maphunziro a m'chipatala ngakhale mutakhala kuti mwagwira zaka zambiri. Chinanso, mu 2023 WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inatulutsa mndandanda wa maiko 55 omwe ali ndi azaumoyo ochepa, ambiri a mu Africa, ndipo olemba ntchito a ku UK saloledwa kupita kukasaka antchito kumeneko. Munthu payekha atha kufunsira ntchito mwachindunji, koma ejenti akabwera n'kumati akusonkhanitsa manesi m'dziko lomwe lili pamndandandawo muzidabwa naye. Mainjiniya nawo afufuze ngati pulogalamu yawo ili pansi pa Washington Accord, mgwirizano wa mu 1989 womwe maiko amavomerezana madigiri, chifukwa ikakhala kunja kwake njira imatalika.

Kusamalira. Digiri yeniyeniyo siitha ntchito koma zonse zoizungulira zimatha. Zotsatira za IELTS ndi zaka ziwiri, lipoti la ECA zaka zisanu, nesi wa ku UK amatsimikiziranso kalembera wake zaka zitatu zilizonse. Ndiye musathamangire kulemba mayeso a Chingerezi mapepala ena asanakonzeke, mungadzalipire kawiri. Komanso digiri yomwe yakhala mu sutikesi zaka zambiri inu mukuchita zina imachepa mphamvu, chifukwa pafupifupi paliponse amafunsa ntchito yomwe mwagwira posachedwa pa zomwe munaphunzirazo.

Zoopsa. Atha kuiyeza n'kunena kuti ikufanana ndi dipuloma yakwawo. Atha kupeza kuti sukulu yanu sinali yovomerezeka nthawi yomwe munkaphunzira. Chopweteka kwambiri, ndipo chimachitikira anthu ambiri, ndi kufika ndi viza yabwinobwino koma laisensi osatuluka, munthu n'kukhala zaka akugwira ntchito yomwe siikufuna sukulu n'komwe. Za mapepala ogula ndisachedwepo, Canada imatseka zaka zisanu munthu wonamiza, UK mpaka zaka khumi.

## 2. Luso lamanja lokhala ndi pepala

Apa ndikunena owotcherera, amagetsi, mapulambala, amakaniko, akalipentala, okonza mafiriji ndi makina oziziritsa, ophika. Njira iyi ndimaiona kuti anthu amaipeputsa kwambiri pomwe maiko ena anasintha malamulo dala kuti apeze anthu oterewa.

Mtengo. Zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi zambiri fizi yake ndiyotsika poyerekeza ndi ya yunivesite, komanso umayamba kupeza ndalama msanga. Ndalama zambiri zimapita pa kuyesedwa luso, monga ku Australia komwe kuli Trades Recognition Australia, ndi pa chiyankhulo ngati mukufuna ku Germany.

Kupezeka. Maiko ake ndi ochepa poyerekeza ndi digiri koma komwe kuli mwayi ndi weniweni. Canada ili ndi Federal Skilled Trades Program yomwe siifunsa digiri, imafuna zaka ziwiri za ntchito m'zaka zisanu zapitazi, kuphatikiza kalata ya ntchito ya chaka chimodzi kapena satifiketi yochokera kwa akuluakulu a komweko, ndipo chachiwirichi n'chovuta kuchipeza uli kunja. Germany inayamba lamulo lake lokopa anthu aluso pa 1 Malichi 2020 ndipo inalifewetsanso mu 2023 ndi 2024. Pano munthu yemwe anaphunzira luso kwa zaka zosachepera ziwiri, pepala lake n'lovomerezeka ndi boma lakwawo, ndipo wagwira zaka ziwiri, atha kulembedwa pa ntchito zomwe sizifuna laisensi bola malipiro afike pomwe anaika. Kuyambira Juni 2024 kulinso Chancenkarte, yomwe imakulolani kukakhala chaka mukusaka ntchito uku mukugwira maola 20 pamlungu, imafuna mapointi 6 ndi Chijeremani choyambira cha A1 kapena Chingerezi chapamwambako cha B2. UK ndiye yabwerera m'mbuyo pa ntchito zamtunduwu kuchokera 2025 muja.

Mwaona mawu oti zaka ziwiri akubwerabwera. Kakosi ka miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi sikalowa pamenepa, ngakhale luso mutakhala nalo lochuluka bwanji.

Kusamalira. Malamulo a kagwiridwe amasiyana dziko ndi dziko, makamaka pa magetsi ndi gasi, ndiye mukafika nthawi zambiri mumayamba pansi pa munthu wina mpaka mutalemba mayeso akomweko. Masatifiketi a owotcherera amafuna kutsimikizidwa pafupipafupi kuti mukugwirabe. Ndipo chonde sungani umboni kuyambira lero, makontrakiti, mapepala a malipiro, makalata ofotokoza ntchito zenizeni zomwe mumachita, chifukwa amisiri ambiri amagwa apa, zaka khumi akugwira koma palibe cholembedwa.

Zoopsa. Viza imamangika kwa abwana amodzi, ntchito ikatha mumakhala ndi nthawi yochepa yopezera ena. Thupi nalo limatopa, kuvulala kumodzi kutha kusintha zonse. Ndipo mindandanda ya ntchito zosowa anthu imasinthidwa, ntchito yomwe ikufunidwa chaka chino atha kuichotsa inu muli pakati pa kukonza mapepala.

## 3. Ekisipiriyensi ndi masatifiketi afupiafupi

Iyi kwenikweni ndi ya amakompyuta, ndi pang'ono a maakaunti.

Mtengo. Pa ndalama ndiyotsika kuposa zonse, mumalipira mayeso a zamakompyuta ngati CCNA, a CompTIA kapena a AWS mukuwerenga nokha. Mtengo weniweni ndi zaka za ntchito yooneka. ACCA, satifiketi ya amaakaunti, ndi nkhani ina, mayeso ake ndi 13 kuphatikiza miyezi 36 ya ntchito, imeneyo musaiyese yachidule.

Kupezeka. Pa geti la abwana mumadutsa bwino, makampani ambiri a makompyuta amakuyesani okha pa intaviyu. Vuto ndi geti la viza. Germany ndiyomwe inatsegula poyera, kuyambira Novembala 2023 katswiri wa IT wopanda digiri atha kupeza Blue Card ngati wagwira zaka zitatu m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazi ndipo malipiro akukwana. Ku Canada munthu yemwe anangomaliza sekondale amapeza mapointi 30 okha pa maphunziro, ndiye kufika pomwe amasankhira anthu n'kovuta kwabasi. Ku America muwerenge nokha, kuti zifanane ndi digiri ya zaka zinayi pafunika zaka 12 za ntchito, kenako mulowe maere a H-1B omwe malo ake ndi 65,000 pachaka ndi ena 20,000 a omwe anachita masitazi komweko.

Kusamalira. CCNA ndi masatifiketi a AWS amatha pakapita zaka zitatu, ndipo luso lenilenilo limakalamba msanga kuposa pepala, ndi ntchito yowerenga moyo wonse.

Zoopsa. Msika ukavuta ndipo makampani akuchotsa anthu, olemba ntchito amayamba kusefa ndi digiri chifukwa ofunsira achuluka. Mukafuna kusamukira dziko lachiwiri mumayambiranso kufotokoza chifukwa chomwe mulibe pepala. Kwa ongoyamba kumene njira iyi palibe, palibe kampani yomwe ingalipire viza ya munthu yemwe wangomaliza kosi ya pa intaneti.

## 4. Kukaphunzira komweko

Mtengo. Ngati ndi yunivesite, iyi ndiye yodula kuposa zonse, chifukwa ophunzira akunja amalipira fizi yokwera kuposa eni dziko ku UK, Canada, Australia ndi America, ndipo muyenera kuonetsa ndalama zodyera musananyamuke. Canada inakweza ndalama imeneyi kufika madola 20,635 mu Januwale 2024, fizi ili payokha. Ku Germany mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi, kupatula monga chigawo cha Baden-Württemberg komwe ochokera kunja kwa EU amalipira mayuro 1,500 pa semesita, koma amafuna akaunti yotsekedwa yomwe mu 2024 anaiika pa mayuro 11,904 pachaka. Njira ina yomwe siikambidwa mokwanira ndi Ausbildung, kuphunzira luso pakampani ku Germany kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka uku akukulipirani pang'ono mwezi ndi mwezi. Mtengo wake ndi Chijeremani, nthawi zambiri cha mlingo wapakati wa B1, ndipo kuchifika kumafuna miyezi yambiri yolimbikira.

Kupezeka. Ubwino wake waukulu ndi woti geti lachiwiri ndi lachitatu amatseguka okha, pepala ndi lakomweko palibe wolikayikira. Germany imapereka miyezi 18 yosaka ntchito mukamaliza digiri, Canada ili ndi chilolezo chogwira ntchito mpaka zaka zitatu. Koma mwayiwu ukuchepa, mu 2024 Canada inaika malire pa chiwerengero cha ophunzira akunja ndipo UK inaletsa ophunzira ambiri a masitazi kutenga mabanja.

Kusamalira. Kukhoza mayeso, kupezeka m'kalasi, kusadutsa maola ololedwa kugwira ntchito, kulipira fizi panthawi yake. Chimodzi chikalakwika viza imagwedezeka.

Zoopsa. Ngongole. Banja limagulitsa katundu poganiza kuti mwana akamagwira maganyu adzilipirira chaka chachiwiri, koma maola ololedwa ndi ochepa ndipo lendi imadya zonse. Kulinso makoleji omwe kosi yake siikupatsani chilolezo chogwira ntchito mukamaliza, funsani zimenezi ku webusaiti ya boma musanalipire, osati kwa wogulitsa malo asukuluyo. Komanso malamulo atha kusintha muli chaka chachiwiri.

## 5. Kupita opanda pepala lililonse

Ntchito za m'minda, za m'nyumba, zaulonda, zomangamanga, zosamalira okalamba, zambiri kudzera kwa maejenti.

Mtengo. Pamalamulo imayenera kukhala yotsika, Mgwirizano nambala 181 wa ILO, bungwe la zantchito padziko lonse, umati mabungwe olembera anthu ntchito asamalipiritse wantchito. Koma zenizeni zake anthu amalipira ndalama zambiri, zokongola, asanaone n'komwe kontrakiti.

Kupezeka. Maiko a ku Gulf amatenga anthu ambiri. Kwina ndi ntchito za nyengo, miyezi ingapo n'kubwerera. UK inatsegula viza ya osamalira okalamba mu Febuluwale 2022, mu Malichi 2024 inaletsa kutenga banja, pa 22 Julayi 2025 inatseka kwa ofunsira ali kunja. Zaka zitatu ndi miyezi basi, ndipo wina akamakugulitsanibe njira imeneyi lero akukuberani.

Kusamalira. Kontrakiti ikatha zonse zatha, nthawi zambiri siikufikitsani pokhala nzika kapena wokhazikika.

Zoopsa. Apa ndipomwe mtima wanga umawawa kwambiri. Kulandidwa pasipoti, kusinthiridwa kontrakiti utafika, malipiro kuchedwa miyezi, kulephera kuchoka chifukwa viza ili m'manja mwa abwana ndipo kumudzi kuli ngongole ikudikira. Munthu wopanda pepala ndi wosavuta kumulowetsa m'malo, ndiye mawu ake samveka.

## Ndiye inu mutenge iti

Ngati muli ndi digiri kale ya zaumoyo, uinjiniya kapena uphunzitsi, yambani ndi bungwe la laisensi la dziko lomwe mukufunalo, viza ibwere pambuyo. Mukadziwa mayeso ake, ndalama zake ndi miyezi yake mudzaona ngati dzikolo ndi lanu kapena musankhe lina.

Ngati digiri yanu ndi ya zinthu zomwe sizikusowa anthu, musathamangire masitazi poganiza kuti ikonza zinthu, ku Canada imangowonjezera mapointi 15 pamwamba pa 120 aja. Limbikirani chiyankhulo ndi zaka za ntchito zokhala ndi umboni, ndipo ngati mumadziwako Chifalansa chikuzeni, chifukwa kuyambira 2023 Canada imasankha padera olankhula Chifalansa.

Ngati muli ndi dipuloma ya zaka ziwiri ndipo mwafika zaka 30, apa ndipofunika kuwerengera modekha. Ku Canada dipuloma imeneyo ndi mapointi 98, mukawonjezera digiri zonse pamodzi zimafika 128, mwapindula 30. Koma kuchoka zaka 30 kufika 34 mapointi a msinkhu amatsika kuchoka 105 kufika 83, mwataya 22. Alipo ena owonjezera omwe amabwera maphunziro akaphatikizana ndi Chingerezi chabwino, komabe phindu lake silofanana ndi zaka zinayi ndi fizi yonse ija. Ineyo ndingati pitirizani kugwira ntchito, kwezani chiyankhulo, muyang'ane ku Germany kapena Australia komwe pepala lanu likuwerengedwa kale. Digiri ichiteni madzulo ngati mungathe, osasiya ntchito.

Ngati ndinu mmisiri wodziwa ntchito koma mulibe pepala, chaka chino chikhale cholembetsa mayeso a luso ovomerezeka ndi boma ndi kusonkhanitsa makalata, izi zikupindulirani kuposa kupereka ndalama kwa ejenti.

Wa makompyuta wa zaka zitatu kapena kuposa opanda digiri, lozani ku Germany ndi kumakampani omwe amalipira viza, Canada ndi America muziike pambuyo.

Ngati mwangomaliza sekondale ndipo fizi ilipo, chitani digiri, koma muisankhe mutayang'ana mindandanda ya ntchito zosowa anthu ya maiko awiri kapena atatu, ndipo mutsimikize kuti sukuluyo ndiyovomerezeka. Fizi ikakhala palibe, luso la zaka ziwiri kapena Chijeremani cholozera ku Ausbildung ndi njira yeniyeni, si yachiwiri ayi.

Ndipo ngati zinthu zathina moti njira yachisanu ndi yokhayo yomwe yatsala, pitani ndi kontrakiti yomwe mwawerenga nokha m'chiyankhulo chomwe mumamva, fufuzani ku ofesi ya zantchito ngati ejentiyo ndi wolembetsedwa, musalipire ndalama pamanja popanda risiti, siyani makope a pasipoti ndi kontrakiti kwa abale, sungani nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lanu, ndipo musakongole ndalama yoposa yomwe mungabweze ndi malipiro a miyezi yochepa yoyambirira.